ZA CUMA CA PAMUDZI: Mtengo weniweni wa galimoto ya ulemu

M'mwezi wa Okutobala, pamene anthu a Mfumu Magodi asonkhana pa mwambo wa Zengani, ana a m'midzi amathamangira kumseu kukawerenga magalimoto a alendo. Pamabwera a Land Cruiser VX, a Prado, ndipo nthawi zina Range Rover kapena Mercedes-Benz, onse atafiira ndi fumbi la mseu wocokera ku Lundazi. Akuluakulu nawonso amayang'ana, ngakhale amatero ndi diso la m'mbali. Funso limene limamveka pansi pa mitengo ndi lakuti, "Kodi imeneyi ndi ndalama zingati?" Amalonda a magalimoto ndi a kumabanki ali ndi funso lina limene amaliika patsogolo. Iwo amafuna kudziwa kuti galimotoyo idzagulidwa ndalama zingati pakadzapita zaka zinai, cifukwa yankho lace ndilo limaonetsa cimene mwini galimoto adzataya.

Nkhaniyi siili kutali ndi makomo a ku Magodi. Dziko limeneli, limene kuyambira mu 2018 lili m'boma la Chasefu pambuyo pogawa boma la Lundazi, lili ndi alimi a soya, nsawa, mpendadzuwa, thonje ndi cimanga amene m'caka cabwino amagwira ndalama zooneka. Alipo ogula mbeu m'midzi ndi kukagulitsa ku Chipata, alipo a ng'ombe zambiri, ndiponso alipo ana a m'derali ogwira nchito ku Lusaka ndi Kumigodi amene amafuna kubwera kwao ndi galimoto yoti anthu aikambe. Onsewa amalonda amawakopa ndi mau amodzi: palibe cifukwa colipira zonse lero, munthu angathe kumalipira pang'onopang'ono mwezi ndi mwezi.

Kulipira kotereku kuli ndi maina ace. Lendi ya galimoto, imene a kubanki amaicha lease, ndi pangano lakuti banki kapena kampani igule galimoto ndi ndalama zace ndi kuipereka kwa munthu kuti aziyendera kwa zaka zitatu kapena zinai, iye namalipira mwezi uliwonse. Nthawi yonseyo galimotoyo ndiyo cikole. Ici n'cofunika kwa mlimi wa ku Magodi, pakuti munda wace uli pa nthaka ya mfumu, yopanda cikalata ca umwini cimene banki ingalandire. Pa lendi ya mtundu wina, munthu akatsiriza kulipira, kapena akapereka ndalama yaikulu yotsekera, galimoto imakhala yace. Pa mtundu winanso, umene makampani ndi mabungwe aakulu amaukonda, nthawi ikatha galimoto imabwezedwa kwa eni ace, ndipo wobwereka amacoka ndi makiyi a nyumba yace okha m'thumba.

Pa mtundu waciwiriwu mpamene masamu ace amaoneka bwino. Ndalama ya pamwezi ili ndi mbali ziwiri zazikulu. Mbali yoyamba ndi kutsika kwa mtengo wa galimoto, kutanthauza kusiyana kwa mtengo wogulira ndi mtengo umene idzagulitsidwa nthawi ya lendi ikadzatha. Mbali yaciwiri ndi ciwongoladzanja pa ndalama zimene banki yatsekera m'galimotomo.

Mwacitsanzo, pakhale magalimoto awiri, iliyonse ya mtengo wa K2,000,000, ndipo onse abwerekedwe kwa zaka zinai. Yoyamba ndi ya mtundu umene anthu amaufunabe ngakhale itakalamba, kotero kuti pakutha zaka zinai ingagulidwe K1,400,000. Yaciwiri ndi yokongola koposa, koma pakutha zaka zinai ogula angapereke K800,000 cabe. Yoyamba yataya K600,000, ndiko kuti K150,000 pa caka. Yaciwiri yataya K1,200,000, ndiko kuti K300,000 pa caka. Mtengo wa pa tsiku logula unali umodzi, koma yaciwiri idya ndalama kawiri kuposa inzace, ngakhale itangoima pansi pa mtengo wa mango osayenda.

Tsono pamabwera ciwongoladzanja. Mu 2024 mabanki a malonda muno m'Zambia anali kukongoza ndalama pa ciwongoladzanja coposa magawo 25 pa 100 pa caka. Powerengera pa magawo 25 okhawo, galimoto yoyamba ifuna pafupifupi K425,000 pa caka, ndipo yaciwiri pafupifupi K350,000, popeza ndalama zotsala m'galimoto yaciwiri zimacepa msanga. Kuphatikiza zonse, yoyamba ndi K575,000 pa caka, yaciwiri K650,000. Pa zaka zinai wobwereka woyamba walipira K2,300,000, waciwiri K2,600,000. Onse awiri alipira ndalama zoposa mtengo wa galimoto, ndipo onse awiri abweza galimoto. M'masamuwa mulibe dizilo, matayala, inshuwalansi, kapena msonkho wa pamseu wa ku RTSA.

Ndalama zotere zimamveka bwino zikasandutsidwa matumba. Mu 2025 bungwe la FRA linali kugula thumba la cimanga la makilogalamu 50 pa K340. Lendi ya galimoto yoyamba ikufanana ndi matumba pafupifupi 1,690 pa caka, ndipo ya yaciwiri ndi matumba oposa 1,900. Mlimi amene akolola matumba 40 pa hekita afunika mahekita oposa 42 olimira galimoto yoyamba yokha, asanacotsepo za feteleza, za mbeu ndi za aganyu, ndiponso banja lisanadye. Wowerenga amene anapalirapo hekita imodzi ndi khasu m'dzuwa la Disembala adziwa yekha kukula kwa mahekita 42.

Pali cinthu cina cimene citsanzoci cionetsa. Ku maiko a ku Ulaya, kumene ciwongoladzanja n'cocepa, galimoto yosunga mtengo imachipa kwambiri pa lendi poyerekeza ndi inzace. Kuno kusiyanako kumacepa, cifukwa ciwongoladzanja ndico cimatenga gawo lalikulu. Wamalonda amene auza mlimi kuti Land Cruiser siluza mtengo akunena zoona zocepa, koma sananene za gawo limene banki idzatenga, limene m'citsanzo ca galimoto yoyamba lija laposa kutsika kwa mtengo pafupifupi katatu.

N'cifukwa ciani magalimoto a mtengo umodzi amasiyana cotere pogulitsa? Yankho lili pa mseu ndi pa makanika. Kucokera ku Lusaka kufika ku Lundazi ndi ulendo wa makilomita oposa 700, ndipo kucokera ku Chipata ndi pafupifupi 180. Mseu wa Lundazi kupita ku Chama, umene udutsa m'boma la Chasefu, unaikidwa pa nchito ya Link Zambia 8000 imene inayamba mu 2012, koma kwa zaka zambiri pambuyo pace anthu anapitiriza kuyenda pa dothi ndi miyala. Tinjira tolowera kumidzi ndi kumadimba, nyengo ya mvula, timafuna galimoto yaitali miyendo ndi yopirira. Range Rover ndi galimoto yamphamvu, ndipo pa matope siicita manyazi. Koma imakhala pa matumba a mpweya m'malo mwa masipuling'i a citsulo, ndipo thumba limodzi likaphulika kapena pampu yace ikafa, galimoto imagwada pansi ngati ng'ombe yotopa pagoli. Mercedes-Benz ndi BMW za masiku ano zimalamulidwa ndi makompyuta ambiri, moti cikalakwika cinthu pafunika makina ozindikira matenda ace, ndipo kawirikawiri makina otere ndi akatswiri ace amapezeka ku Lusaka. Mlimi alipire kaye galimoto yonyamula galimoto inzace, kenaka adikire sipeya imene mwina icokere ku South Africa kapena ku Ulaya.

Land Cruiser ndi Hilux nkhani yace ndi ina. Boma, apolisi, zipatala, mamishoni ndi mabungwe othandiza akhala akuyendera magalimoto amenewa kwa zaka zambiri, kotero amakanika a ku Lundazi ndi ku Chipata anaphunzirira pa iwo, ndipo masipeya ace, atsopano ndi akale omwe, amapezeka m'masitolo a ku Chipata. Land Cruiser 70, imene inayamba kupangidwa mu 1984, kampani ya Toyota yapitiriza kuipanga kwa zaka zoposa 40 popanda kusintha kwambiri thupi lace. Munthu wogula galimoto yakale amaganizira kumene adzaikonzera, ndipo amalipira ndalama zambiri pa imene angaikonze pafupi. Okalamba akumbukira kuti ndi momwemo zinalili kale. Fakitale ya Livingstone Motor Assemblers inayamba kulumikiza magalimoto a Fiat mu 1972, ndipo anali ambiri m'matauni, koma m'miseu ya kumidzi ya kuno kum'mawa amene anakhalitsa ndi Land Rover yakale ija ndi vaneti ya Peugeot, zimene munthu anali kuzikonza ndi sipanala ndi waya pansi pa mkuyu.

Ngakhale ku maiko a miseu yosalala, magalimoto a ulemu ndiwo amatsika mtengo msanga. Kampani ya ku America yochedwa iSeeCars, imene imawerengera mitengo ya magalimoto akale, inapeza mu 2023 kuti BMW 7 Series ndi Maserati Quattroporte zinataya magawo oposa 60 pa 100 a mtengo wace m'zaka zisanu, pamene vaneti ya Toyota Tacoma inataya pafupifupi magawo 20. Cifukwa cimodzi ndi lendi yomweyi. Ku Britain ndi ku Germany makampani opanga magalimoto ali ndi nthambi zao zokongoza, ndipo anthu olemera ambiri amatenga galimoto yatsopano kwa zaka zitatu, naibweza, natenga ina. Magalimoto obwezedwawo amadzaza msika. Olemera sawafuna cifukwa ndi akale, ndipo anthu wamba amawaopa cifukwa ca ndalama zokonzera. Mtengo umagwa caka ndi caka mpaka galimotoyo ikwezedwa pa sitima ya pamadzi.

Apa mpamene nkhani ya ku London ifika pa Emusa. Popeza Zambia, Britain ndi Japan onse amayenda kumanzere kwa mseu, magalimoto akale a kumeneko amalowa muno mosabvuta, ambiri kudzera pa doko la Dar es Salaam ndi pa malire a Nakonde, atalipira msonkho wa ZRA. Mnyamata amene wagulitsa soya amapeza kuti Mercedes-Benz ya zaka khumi ndi ziwiri ndi yochipa kuposa Hilux ya msinkhu womwewo, ndipo amaganiza kuti wapeza mwai. Galimotoyo yachipa, koma masipeya ace sanachipe: akali pa mtengo wa galimoto ya bwana. Magalimoto otere ndiwo amene amaoneka m'makomo ena atakhala pa njerwa, nkhuku zikuikiramo mazira. Pamene mwini wace afuna kugulitsa, ogula a m'derali amafunsa funso limodzi, lakuti inyamula matumba angati, ndipo akamva yankho amapita kukayang'ana Canter.

Land Cruiser nayonso ili ndi nkhani yace yodabwitsa. Pamene Toyota inatulutsa mtundu wa 300 mu 2021, m'malo mwa wa 200 wa injini ya V8 umene anthu anauzolowera pa misonkhano, ofuna kugula anaculuka kuposa magalimoto opangidwa. Kuciyambi kwa 2022 kampaniyo inauza ogula a ku Japan kuti ena angadikire mpaka zaka zinai. Pa nthawi imeneyo galimoto yoyendapo kale inali kugulidwa pa mtengo woposa wa yatsopano m'misika ina. Zimenezi zinali za nyengo ya kusowa, ndipo munthu asawerengere kuti zidzacitikanso pa galimoto yace.

Pali cinyengo cina cimene cimapusitsa ngakhale anthu ocenjera, ndico ca Kwacha. Magalimoto onsewa amagulidwa kunja ndi madola. Mu 2013, caka cimene ziro zitatu zinacotsedwa pa ndalama yathu ya m'dziko, dola imodzi inali pafupifupi K5.50. Mu 2024 inali itapitirira K25. Munthu amene anagula galimoto ya madola 20,000 mu 2013 analipira pafupifupi K110,000. Ngati anaigulitsa mu 2024 pa madola 8,000, dola ili pa K26, analandira K208,000, ndipo mwina anauza anzace kuti galimoto yamupatsa phindu. Koma atapita kukafuna ina ya madola 20,000 anapeza kuti ifuna K520,000. Galimoto yace inataya magawo 60 pa 100 monga mwa nthawi zonse, ndipo kugwa kwa Kwacha kunangobisa bala. Mu 2025 Kwacha inalimbako, ndipo amene anagula dola ili pamwamba anaona zosiyana: mtengo wa galimoto zao m'Kwacha unatsika kawiri, cifukwa ca ukalamba ndi cifukwa ca dola. Pangano la lendi lolembedwa m'madola ndi loopsa kwa munthu amene amagulitsa mbeu zace m'Kwacha, pakuti ndalama ya pamwezi ingakwere iye asanalakwe ciliconse.

Koma coopsa cacikulu kwa mlimi ndi kusagwirizana kwa kalendala ya banki ndi kalendala ya munda. Banki imafuna ndalama kakhumi ndi kawiri pa caka. Munda umapereka kamodzi, pakati pa Meyi ndi Ogasiti, ndipo nthawi zina supereka konse. Mu 2023 mtengo wa soya unagwa pamene FRA inanena kuti sigula mbeuyo caka cimeneco, ndipo alimi ambiri a kum'mawa amene anakulitsa minda ya soya anagulitsa mosapindula. Caka cotsatira kunabwera cilala. Pa 29 Febuluwale 2024 Mtsogoleri wa dziko lino, a Hakainde Hichilema, analengeza kuti cilalaco ndi tsoka la dziko lonse, ndipo cimanga cokololedwa m'dziko muno cinatsika kufika pa matani pafupifupi 1.5 miliyoni, kucoka pa oposa 3 miliyoni a caka capitaco. Pangano la lendi liribe ndime ya mvula. Munthu akalephera kulipira miyezi ingapo, banki ili ndi mphamvu yotenga galimoto ndi kuigulitsa, ndipo ngati ndalama zogulitsira sizikwanira ngongole yotsala, wobwereka amafunsidwa kuonjezera. Apa galimoto yosunga mtengo imapulumutsako mwini wace, cifukwa ikagulitsidwa imatseka gawo lalikulu la ngongole. Yogwa mtengo msanga imasiya munthu ali wapansi ndiponso ali ndi ngongole, ndipo ena pofuna kuitseka amathamangira kwa a kaloba kapena amatsegula khola.

Masamu omwewa amakhudzanso ndalama za boma, zimene ndi misonkho ya anthu onse. A Hichilema atalowa m'boma mu 2021 anadzudzula kangapo mcitidwe wogula magalimoto a VX ndi ndalama za boma, nanena kuti akuluakulu a maofesi angathe kuyendera magalimoto ochipirapo. Mu 2022 thumba la citukuko la CDF linakwezedwa kucoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni pa dera lililonse la phungu, kuphatikizapo la Chasefu, ndipo pambuyo pace boma linagula magalimoto a Land Cruiser oyang'anira nchito za thumbali m'madera onse 156. Mtundu umenewu ndi woyenera miseu ya ku Magodi. Cimene anthu a m'makomiti a citukuko ayenera kuyang'anira ndi kasamalidwe kace, pakuti galimoto ya boma nayonso idzagulitsidwa tsiku lina, ndipo imene inasinthidwa oilo pa nthawi yace idzabweza ndalama zambiri kuposa imene inali kututa makala Loweruka ndi Sondo.

Kwa amene ali ndi mphamvu zotenga galimoto pa lendi, zilembo zazing'ono za m'pangano ndizo ziyenera kuwerengedwa poyamba, ndipo ngati Cingelezi ca pamenepo n'cobvuta, mphunzitsi kapena mlangizi wa zaulimi angathandize. Mapangano obweza galimoto kawirikawiri amaika malire a makilomita pa caka, ndipo kilomita iliyonse yoonjezera ili ndi mtengo wace. Ulendo umodzi wa ku Lusaka kupita ndi kubwera ndi makilomita oposa 1,400, kotero maulendo khumi okha atha makilomita 14,000 asanawerengere a ku Chipata, a kumaliro ndi a kucipatala, amene munthu wa galimoto m'mudzi sangakane. Mapanganowa amafunanso kuti galimoto ikonzedwe ku galaji yobvomerezeka yokha, ndipo pobweza amawerenga zokala za minga pa utoto, galasi losweka ndi mwala, ndi mipando yong'ambika. Zimene ku Magodi ndi ukalamba wamba wa galimoto, kwa woyeza wa ku Lusaka ndi kuononga kofunika kulipira. Inshuwalansi yokwanira ndi yokakamiza nthawi yonse ya pangano, ndipo imawerengedwa pa mtengo wa galimoto. Ku Britain, pamene akuba analimbikira kuba ma Range Rover mu 2023, inshuwalansi yace inakwera kwambiri ndipo mtengo wa akale unatsika.

Pangano limene litha ndi ndalama yaikulu yotsekera lifuna kusamala kwina. Ndalama ya pamwezi imaoneka yaing'ono cifukwa gawo lina la ngongole lakankhidwira kumapeto. Wobwereka afunse kuti ndalama yotsekerayo ndi zingati, ayerekeze ndi mtengo umene galimoto ya mtundu womwewo ya zaka zinai ikugulidwa ku Chipata, ndipo afunsenso mwezi umene ndalamayo idzafunika. Mwezi ndi wofunika cifukwa msika wa magalimoto akale kum'mawa kuno umatsata kukolola. Mu Julaye ndi Ogasiti ogula ali ndi ndalama za soya ndi nsawa m'manja, ndipo wogulitsa angathe kukana mtengo woyamba. Mu Januwale ndi Febuluwale ndalama zapita ku feteleza ndi ku sukulu, nkhokwe zili pansi, ogulitsa ndi ambiri ndipo ogula ndi ocepa. Pangano losainidwa mu Febuluwale limathanso mu Febuluwale, pokhapokha wobwereka atapempha kubanki, asanasaine, kuti tsiku lotsekera liikidwe pambuyo pa kukolola.